Kachubu ka Nambala 47

Njerewere zinayamba zitatu. Ndinazimva ndi chala tsiku lina ndikusamba, tinthu tolimba kumaliseche, tosawawa, tongoyabwa pang'ono. Ndinati zitha zokha. Patatha miyezi iwiri zinali khumi ndi imodzi, zina zitaunjikana malo amodzi ngati ulusi umene umapotana kunsi kwa nsalu makina akayamba kuvuta.

Ine ndine telala. Makina anga ndi opalasa ndi mapazi, ndipo ndakhala nawo zaka khumi ndi zinayi pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi utoto, moyang'anana ndi pokwerera mabasi. Anthu onse amangonditchula kuti Atelala, ngakhale ana anga awiri akafuna kundiseka amatero. Munthu wopalasa makina tsiku lonse, ntchafu zikukhulana, sangadzinamize kuti kumusi kulibe kanthu. Ndiye ndinaganiza zowauza amuna anga.

Bambo a ana amagwira ntchito yowerenga mamita a madzi. Amazungulira m'makwalala pa njinga, kabuku m'thumba, kachitsulo kotsegulira zivundikiro atakamangirira kumbuyo. Njingayo amaisamala kuposa mano awo: Lamlungu lililonse amaigadabuza matayala m'mwamba n'kumatsuka tcheni ndi mswachi wakale. Ndinawapeza akuchita zomwezo.

"Bambo a ana, ndatuluka njerewere."

"Pati?"

"Kumeneko."

Anasiya kutsuka. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana tcheni.

"Ndiye mwazitenga kuti?"

"Ndimati tipite limodzi kuchipatala, akatiuze."

"Limodzi? Ine ndili bwinobwino. Mukafunse makasitomala anu aja mumawazunguliza tepi m'chiuno."

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tili m'banja, yankho lake n'kukhala limenelo. Sindinalire. Ndinalowa m'nyumba, ndinasita diresi, m'mawa mwake ndinapita ndekha.

Kuchipatala ndinakhala pa benchi mpaka masana. Amene anandiona anati ndi kachilombo kotchedwa HPV, kofala kwambiri, ndipo njerewerezo amaziumitsa ndi makina ozizira mpaka zigwe, koma mzere wake ndi wautali, mwina miyezi iwiri. Kenako anati, "Ngati mukufuna, kumapeto kwa khondeli kuli chitseko chobiriwira. Kuli kafukufuku, akuyesa mankhwala opaka atsopano."

Kuseri kwa chitseko chobiriwira ndinapeza anesi achikulire ndithu, magalasi awo akulendewera m'khosi pa chingwe cha nsapato. Tonse a m'kafukufukuyo tinkawatchula Anesi a Magalasi. Anandikhazika pansi, anandipatsa mapepala anayi n'kunena kuti ndiwerenge osathamanga. Ndinawerenga ndi chala, mzere ndi mzere.

"Apa akuti ena alandira mankhwala, ena alandira mafuta wamba. Ine mundipatsa ati?"

"Sindikudziwa, mayi. Adokotala nawonso sakudziwa. Timachubu tonse n'tofanana, imagawa ndi kompyuta. Ife tikadziwa, maso athu angayambe kukondera."

"Nanga akandigwera mafuta wambawo?"

"Pakatha masabata khumi ndi awiri, njerewere zotsala tidzakuchotsani ndi makina, osaimanso pamzere. Ndipo tsiku lililonse limene mwatopa nazo, mutha kusiya. Palibe adzakufunseni chifukwa."

Ndinafunsanso funso limene linkandidya mumtima: kodi kachilomboka kamaonetsa amene wakabweretsa m'nyumba? Anesi anavula magalasi.

"Kamatha kukhala m'thupi miyezi, ngakhale zaka, kali phee. Wina amakhala nako osatuluka kanthu. Amene angakuuzeni kuti wabweretsa ndi uje, akukunamizani. Ngakhale ife sitingadziwe."

Ndinasaina. Anandipatsa nambala, 47, chifukwa m'mabuku awo salemba maina. Anawerenga njerewere, anazijambula ataika karula koyezera pambali, nkhope osaoneka. Kenako anatenga kachubu koyera, anakaika pa kasikelo kakang'ono ngati sopo wosambira, n'kulemba kulemera kwake. Malangizo anali akuti ndizipaka kamodzi patsiku, madzulo ndikasamba, kadontho konga mutu wa machesi pa njerewere iliyonse, m'mawa n'kutsuka. Anandipatsanso khadi loti ndizilembapo tsiku ndi tsiku mmene ndikumvera.

"Muyezo musaphonye," anatero.

"Anesi, ine ntchito yanga ndi kuyeza. Ndikati theka la inchi, ndi theka la inchi."

Chimene sindinaganizire n'chakuti mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, amakolopa m'chipatala momwemo. Potuluka pachitseko chobiriwira ndinamupeza ali ndi ndowa ndi chikolopa. Anandipatsa moni wautali, maso ali pa kathumba kanga. Loweruka lomwelo apongozi anatulukira.

Apongozi anga anali mphunzitsi. Anapuma ntchito kalekale, koma cholembera chofiira sanachisiye; akamakulankhula umamva kuti akukuchonga. Anakhala pa mpando wa pawindo, chikwama pamiyendo.

"Amake ana, ndamva kuti mwakadzipereka kukhala khoswe woyeserapo mankhwala."

"Ndalowa kafukufuku, Amayi."

"Ndipo akukujambulani. Kumeneko."

"Nkhope saijambula."

"Manyazi a matendawa sanakukwanireni, mwaona kuti muwonjezere ndi zithunzi? Mwana wanga aziyenda bwanji m'misewu, anthu akudziwa kuti mkazi wake..."

Ndinayang'ana amuna anga. Anali ataima pakhomo la kuchipinda, manja m'matumba.

"Ine ndinawauza kale, Amayi," anatero. "Ine ndilibe kanthu. Thupi langa ndi loyera. Zimene anachita iwowa akuzidziwa okha."

Mawu amenewo anandilowa ngati singano pansi pa chikhadabo. Koma ndinayankha mwaulemu, manja ali pamaondo.

"Amayi, njerewere zili pa ine, ndipo wopalasa nazo makina ndine. Ndikadzasiya kafukufukuyu, ndidzasiya chifukwa ndafuna ndekha."

"Mukundiyankha?"

"Mwandifunsa, Amayi."

Kuyambira tsiku limenelo bambo a ana anasamukira pa sofa. Anagula sopo wawowawo, ndipo thaulo lawo ankaliyanika patali ndi langa, pa waya wa aneba.

Nkhani sinathere m'nyumba. Mlamu pakamwa pake n'pobooka, moti sabata isanathe inali itafika pokwerera mabasi. Mayi wina amene ndinali nditamusokera zaka zisanu anabwera kudzatenga nsalu yake yosasoka. Anati wasintha maganizo. Anainyamula ndi zala ziwiri ngati yagwera m'matope.

"Tengani, mayi," ndinatero. "Matendawa sayenda mu ulusi, koma tengani. Mukapeza telala amene sanadwalepo, mudzandiuze, nanenso ndizikasoketsa komweko."

Mwini sitolo, amene ankayeza misomali chapafupi, anaseka mpaka misomali inamwazika.

Sabata yoyamba ya mankhwala palibe chinachitika. Yachiwiri kunayamba kufiira. Yachitatu kunali moto. Khungu linasupuka, panatuluka tizilonda titatu, ndipo pokodza ndinkaluma mlomo kuti ana asamve. Anesi anali atandipatsa nambala ya foni yoti ndiimbe zikavuta, koma ndinati ndipirire mpaka tsiku langa, ndipo kumeneko ndinalakwitsa. Kuntchito ndinasoka kapilo ka tizidutswa ta nsalu, n'kuphunzira kupalasa ndi phazi limodzi, mwendo winawo nditautayira kumbali. Inali nyengo ya mayunifolomu a sukulu, masiketi ali mulu kundidikira. Koma njerewere zinkafota, ndinkaziona pa kagalasi. Madzulo aliwonse ndinkalemba pakhadi: kuwotcha kwambiri, chilonda, lero sindinathe kukhala pansi bwino. Sindinachepetse, sindinawonjezere.

Sabata yachinayi ndinapita kukaonedwa. Anesi anayamba andikalipira chifukwa chosaimba foni. Kenako analowa adokotala a kafukufukuyo, munthu wachinyamata, wamtali, amene ankalankhula akulemba n'kumalemba akuyenda. Tinkawatchula Adokotala a Changu. Anawerenga njerewere, zinali zitatsala zisanu ndi imodzi. Anesi anaika kachubu pa sikelo, anayang'ana, anakachotsa, anakaikanso. Anawakodola adokotala kuti aone.

"Mayi," anatero adokotala, "kachubuka kapepuka kwambiri. Mwapaka kuwirikiza kawiri muyezo umene tinakuuzani. N'chifukwa chake mwapsa chonchi."

"Ndapaka mutu wa machesi pa njerewere iliyonse."

"Anthu ambiri amaganiza kuti akachulutsa achira msanga. Si mlandu, koma tiuzeni zoona."

"Zoona ndi zimene ndanenazi."

"Sikelo siinama, mayi."

"Nanenso sindinama."

Anali atayamba kale kulemba. Ndinasuzumira: zilonda zabwera chifukwa chopaka mopitirira muyezo. Anati zikadzachitikanso adzandichotsa m'kafukufuku, chifukwa munthu wosatsata malangizo amasokoneza zotsatira.

Ndinaimirira, ngakhale kuimirirako kunali kowawa.

"Adokotala, kunyumba akuti ndine hule, kuno mukuti ndine wabodza. Za kunyumbazo ndithana nazo ndekha. Koma zimene mwalembazi akadzaziwerenga anthu ena, adzati mankhwalawa sawotcha munthu wotsata muyezo. Mudzawapatsa amayi anzanga, adzapsa mmene ndapsera ine, inu n'kumawauza kuti achulutsa. Lembani zimene ndanena."

"Ndalemba zimene sikelo yaonetsa," anatero, n'kutuluka, pakuti panja panali ena asanu akudikira.

Anesi a Magalasi anandipatsa kachubu katsopano, koma anati ndiyambe ndapuma sabata yathunthu osapaka, zilonda zipole. Pondiperekeza pakhomo anafunsa chapansipansi, "Kachubu mumasunga pati?"

"M'kabati ya kuchipinda, pansi pa zovala zam'kati."

"Kunyumba mumakhala ndi ndani?"

Atatero anabwerera m'kati.

M'basi mtima unathamangira kwa mwana wanga wamkazi, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Nditatsika ndinalunjika kunyumba. Ndinamupeza akuchapa yunifolomu kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pafupi naye n'kuyamba kuzungulirazungulira: kuti thupi la mtsikana limasintha, kuti mayi ndi wouza chilichonse, kuti sindingamumenye. Anandimvetsera mpaka ndinafika pa kachubu, kenako anaseka mpaka thovu linamulowa m'diso.

"Amama, ine kabati yanu ndiigwire kuti ndife? Funsani adadi. Masiku ano masokosi awo akusowa tsiku lililonse, ndipo amawafunafuna m'kabati mwanu inu mukangotuluka."

Sindinauze munthu. Ndinatenga ulusi wofiira, wopyapyala uja wosokera mipendero, ndinauzunguliza pa chivundikiro cha kachubu katsopano n'kumanga mfundo yanga ya utelala, imene siimasuka popanda kudula. Ndinakabwezera pamalo pake. Ine sindinkapaka, anesi anali atandiletsa. Tsiku loyamba ulusi unali momwemo. Tsiku lachiwiri unali utaduka, ndipo wina anayesa kuulumikiza ndi mfundo yomangira thumba la makala. Pakati pa kachubu panali dzenje la chala chachikulu.

Apa m'pamene maso anga anatseguka pa zinthu zimene ndinkaziona osaziona. Njinga inali itatha masabata awiri ili m'khonde. Amuna anga ankati tcheni chavuta, akudikira china. Munthu wotsuka tcheni ndi mswachi! Ndinanyamula tayala lakumbuyo, ndinapukusa pedulo ndi dzanja, tayala linazungulira mwakachetechete ngati langochoka kusitolo. Madzulo ndinaima pawindo n'kuwaona akubwera wapansi, miyendo atatangadza ngati munthu wowoloka ngalande. Atayandikira nyumba anadziwongola, analowa akuimba mluzu.

Ndinafuna kuwakuwira pomwepo. Ndinali ndi mpeni wa anyezi m'manja, ndinauika pansi, ndinakasamba kumaso. Anali atandinyoza pamaso pa amayi awo, ndiye ndinaona kuti amayi awowo akhaleponso pomva zenizeni.

Sindinadikire nthawi yaitali. Loweruka masana apongozi anabwera ndi mlamu. Ulendo uno anali atandilembera kalata, ndi dzanja lawo lokongola la uphunzitsi, yopita kwa akulu a kafukufuku, yonena kuti ine, pomvera malangizo a banja, ndasiya. Pansi anajambula mzere woti ndisainepo. Anaiika patebulo pamodzi ndi cholembera.

"Mlamu wanu akuti mukuyenda motsimphina," anatero. "Mankhwala a anthuwa akuwonongani. Sainani, nkhaniyi ithe, mwana wanga abwerere kuchipinda kwake."

Ndinawerenga kalata yonse. Munalibe chilembo cholakwika ngakhale chimodzi. Ndinapita kuchipinda, ndinabwera ndi kachubu, ulusi wake ukulendewera, n'kukaika pamwamba pa kalatayo.

"Ndisaina, Amayi. Koma ndili ndi pempho limodzi. Bambo a ana akwere njinga, azungulire nyumba ino kamodzi kokha. Akabwera, ndisaina."

Apongozi anandiyang'ana ngati mwana amene wayankha funso losafunsidwa.

"Njinga ikubweramo bwanji?"

"Tcheni chinawonongeka," anatero amuna anga msangamsanga.

"Ndachiyesa dzulo. Chili bwino."

"Matayala alibe mpweya."

"Ndapopa m'mawa uno."

Mlamu anaseka, kenako anazindikira kuti akuseka yekha. Amuna anga anali atakhala m'mphepete mwa sofa ndi thako limodzi, mmene ndinkakhalira ine kuntchito. Apongozi anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zaka makumi atatu akugwira ana obera mayeso sizinapite pachabe.

"Kwera njinga," anatero.

"Amayi..."

"Ndati kwera njinga."

Sanadzuke. Anaweramitsa mutu, manja kumaso. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono ngati munthu akumasula msoko. Njerewere anali nazo kuyambira chaka chatha, miyezi isanu ndi iwiri ine ndisanaone zanga. Kuchipatala ankaopa chifukwa mlongo wawo amagwira komweko. Ataona kuti ine ndapatsidwa mankhwala anayamba kutapa, ndipo pofuna kuti zithe msanga ankapaka chala chodzaza. Tsopano kabudula wam'kati ankamatirira pa zilonda.

"Ndiye unaima apa," anatero apongozi, "n'kundiuza ine kuti thupi lako ndi loyera."

"Ndinachita manyazi, Amayi."

"Manyaziwo n'kumusenzetsa mnzako."

Anasolola kalata yawo pansi pa kachubu, anaipinda kanayi n'kuiika m'chikwama. Kupepesa sanapepese, apongozi anga sindinawamvepo akupepesa munthu. Anangondifunsa kuti chitseko chobiriwiracho amatsegula nthawi yanji.

Amuna anga anayamba kulumbira kuti chikwatiranire sanayendepo ndi mkazi wina. Ndinawadula.

"Zimenezo sindinakufunseni. Anesi anati kachilomboka sikadziwika mwini wake. Mwina ndinu, mwina ndine, mwina n'kakalekale tisanakumane. Ine sindikuimbani mlandu umene sindingathe kuutsimikiza, ngakhale inu munandiimba. Mlandu wanu ndi wina: munandisiya ndikutchedwa hule m'nyumba mwanga ndi wabodza kuchipatala, inu mukudziwa. Lolemba mukanena nokha pamaso pa adokotala."

"Bwanji ndingowalembera kalata..."

"Makalata atikwana. Mukanena ndi pakamwa."

Mlamu analowerera. "Koma alamu, anzanga akuntchito akawaona achimwene akulowa pachitseko chija..."

"Inu mutandiona ine munatani, alamu?"

Anayang'ana pansi.

Lolemba tinapita. M'basi amuna anga anaima njira yonse ngakhale mipando inalipo. Apongozi anatiperekeza mpaka pa benchi ya panja pa chitseko, anakhala moti wina akafuna kuthawa ayambe wadutsa pa iwo. Mlamu tinamupeza akukolopa khonde lomwelo. Anakolopa malo amodzi mpaka titalowa.

Adokotala a Changu anadabwa kundiona tsiku losakhala langa. Ndinaika kachubu patebulo.

"Kayezeni. Ine chichokereni pano sindinapake ngakhale kamodzi."

Anesi anayeza. Kanali katapepuka ndithu.

"Awa ndi amuna anga," ndinatero. "Ali ndi mawu."

Ananena. Mawu anali otsika, mpaka anesi anawauza kuti akweze. Kwa nthawi yoyamba adokotala anaika cholembera pansi n'kumvetsera munthu mpaka kumaliza. Kenako anawalowetsa kuseri kwa katani. Ndinamva adokotala akupuma mwamphamvu n'kunena kuti, "Bambo, mwakhala mukuyenda bwanji ndi zimenezi?" Anawatsuka, anawapatsa mankhwala a zilonda, ndipo anawauza mosabisa kuti mankhwala amene akadali kuyesedwa si otapa m'kabati, akanatha kudzivulaza koposa apa. M'kafukufuku sakanawalandira, popeza anali atapaka kale popanda muyezo. Anawalembera kuti zilonda zikapola akaime pamzere wa makina monga wina aliyense.

Iwo atatuluka, ine ndinatsala.

"Tsopano fayilo yanga."

Adokotala anaitsegula. "Mayi, pepani. Ndinafulumira."

"Kupepesako ndamva. Fufutani."

"M'mabuku a kafukufuku sitifufuta. Timadula ndi mzere umodzi kuti zakale zizionekabe, n'kulemba zoona pambali, ndi tsiku, n'kusainira."

"Ndiye zili bwino koposa. Aliyense aone kuti munalakwitsa n'kukonza."

Anadula ine ndili pomwepo. Analemba kuti nambala 47 anatsata muyezo, kuti zilonda zinabwera pa muyezo woyenera, ndi kuti mankhwala osowawo anatengedwa ndi munthu wina m'nyumba. Anati ayeneranso kudziwitsa akuluakulu oyang'anira kafukufuku tsiku lomwelo, za zilonda zanga ndi za amuna anga zomwe. Ndinawapempha kuti andiwerengere mokweza. Anawerenga. Anesi ankapukuta magalasi awo, ngakhale sanali akuda.

"Ndi mmene munapseramu, muli ndi ufulu wosiya," anatero adokotala.

"Kunyumba andiuza kuti ndisiye, ndakana. Inunso musayambe. Ngati mukuona kuti n'zoopsa, nenani, ndimva. Ngati ayi, ndipatseni kachubu."

Anakambirana ndi anesi, anaimba foni, n'kugwirizana kuti zilonda zikapola ndizipaka katatu pa sabata m'malo mwa tsiku lililonse. Kachubu kachitatu sikanalowenso m'kabati. Ndinakasunga m'kabokosi kachitsulo ka loko, kiyi ndinkayenda nayo m'khosi.

Pofika sabata ya khumi ndi chiwiri njerewere zinali zitatsala ziwiri. Anaziumitsa ndi makina, zinagwa patatha masiku. Ina inabweranso patapita miyezi isanu, anaichotsanso. Anesi anali atandichenjeza kuti zimatero. Anandiyezanso khomo la chiberekero, kunalibe vuto. Amuna anga anadikira pamzere miyezi yawo iwiri, ndipo anapita kanayi asanathane nazo. Pa sofa anakhalapo mpaka nditawauza ine kuti abwerere, ndipo sindinafulumire. Tikukhala. Sindinganene kuti zonse zinabwerera mwakale. Pali mawu ena oti munthu akawanena amatsala m'nyumba, mumawazungulira ngati mpando.

Patatha chaka ndi theka anatiitana tonse a m'kafukufuku kuti atiuze zotsatira. Tinakhala m'chipinda chophunzitsira anesi, amayi ndi abambo pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, aliyense akuyang'ana nsapato zake kuopa kuphana maso ndi wodziwana naye. Ndinaona mayi wina amene ndinamusokera diresi la ku ukwati wa mwana wake. Ndinamupatsa moni mokweza. Anayankha ngati akumeza fupa, koma patapita kanthawi anasuntha kudzakhala pafupi nane.

Adokotala anaima kutsogolo. Anati mankhwala aja anathandiza anthu ambiri kuposa mafuta wamba, koma ambiri mwa opaka tsiku lililonse anapsa, moti kafukufuku wotsatira ayesa katatu pa sabata. Aliyense anapatsidwa envelopu yonena gulu limene anali. Yanga inati ndinalandira mankhwala enieni. Ndinaseka ndekha; zimenezo ntchafu zanga zinadziwa kalekale.

Kenako anafunsa ngati pali mafunso. Ndinakweza dzanja.

"Adokotala, ife tapereka matupi athu. Mwayeza, mwajambula, mwapeza zimene mumafuna. Nanga mankhwalawa adzafika liti pawindo lolandirira mankhwala paja, kuti munthu wamba azingopatsidwa osaima pamzere miyezi iwiri?"

Anakanda m'mutu. Anati pali kafukufuku wina, kenako oyang'anira mankhwala avomereze, kenako apezeke owapanga. Mwina zaka zitatu, mwina zisanu. Mwinanso osafika.

"Osafika?"

Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza. Bambo wina wovala ovololo anati, "Afunseni bwino, amayi."

"Ndiye tipangane," ndinatero. "Ine sindikhala patali. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse ndizibwera kudzafunsa kuti zafika pati, ndipo muzindiyankha. Amene akufuna, tizibwera limodzi."

Anthu anaseka, adokotala nawonso, poganiza kuti ndi nthabwala.

Mwezi woyamba ndinapita ndekha. Wachiwiri tinali atatu. Mwezi wathawu tinali khumi ndi anayi, benchi sinatikwane, ena anakhala pa masitepe. Adokotala atasuzumira n'kutiona anabwerera m'kati, anatuluka ndi fayilo yaikulu n'kuyamba kutiwerengera kalata imene inabwera kuchokera kwa oyang'anira mankhwala. Atamaliza, mayi wa diresi la ku ukwati uja anakweza dzanja ine ndisanakweze, n'kunena kuti ndime yachiwiri sanaimve bwino, aibwereze.